Musanapereke ndalama pa V8: malangizo kwa ogula galimoto zikuluzikulu kuno kunyanja

Mpunga ukagulitsidwa, kapena alimi a nzimbe a ku Dwangwa akalandira zawo, foni yanga sipuma. Funso limakhala lomwelija: "Achimwene, ndaona V8 pa Facebook, mwini wake akuti ali pa changu, mukuti bwanji?" Ntchito yanga ndi yokonza ndi kusamala galimoto za anthu kuno ku Salima, ndipo pakamwa pafika potopa. Ndalemba pano kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira.

Ndikunena za galimoto zamanyado zikuluzikulu zija: Land Cruiser ya 100, 200 kapena 300, Lexus LX, Nissan Patrol, Range Rover, ndi Prado yomwe ngakhale iyo ili yocheperako. Tsatirani ndondomekoyi momwe ndaiyalira. Ambiri amayambira pa nambala 6, kumvetsera injini ndi kusisita mipando, pomwe ndalama zimatayikira pa nambala 5.

1. Yambani ndi misewu imene muziyendamo

Ngati ulendo wanu ndi wa Salima kupita ku Lilongwe pa M14 basi, galimoto ina iliyonse mwa izi ikutumikirani. Koma ambiri a ife tili ndi M5 yopita ku Nkhotakota ndi Dwangwa, yokhala ndi zigamba ndi m'mbali modyeka. Tili ndi mchenga wa ku Senga Bay, matope a kumadambo a mpunga m'dzinja, ndi njira zapadera zimene amatilambulira mlatho ukakokoloka. Misewu yotereyi imafuna tayala lokhala ndi mnofu. Marimu a mainchesi 20 kapena 21 amakongola pa ukwati, koma dzenje limodzi la ku Benga limaphwanya tayala ndi rimu yomwe. Funani ya marimu a 17 kapena 18, kapena werengeranitu ndalama zodzasinthira.

2. Ndalama zanu muzigawe patatu

Gawo loyamba ndi logulira. Lachiwiri ndi la msonkho, zikalata ndi inshuwalansi. Lachitatu ndi lodyetsera galimotoyo chaka choyamba, ndipo ili ndi limene anthu amaliiwala.

V8 ya petulo imayenda makilomita 5 mpaka 7 pa lita. Kupita ku Lilongwe ndi kubwerako ndi makilomita pafupifupi 200, ndiye kuti malita 30 mpaka 40 apsa musanazungulire n'komwe m'tauni. Thanki ya Land Cruiser 200 imalowa malita 93, ndipo zina zili ndi thanki yachiwiri yofikitsa pa 138. Pitani pa filling station, muone mtengo wa lero, muchulukitse nokha. Mukachoka pamenepo funsani mtengo wa matayala anayi a saizi yake, wa batire, ndi wa mashoko. Masipeya onsewa amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati mutagula mutsala opanda gawo lachitatuli, tsikani mugule Prado kapena Fortuner. Palibe manyazi pamenepo. Manyazi ali pa V8 yokhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira.

3. Sankhani injini, osati dzina lolembedwa kumbuyo

Zilembo za VX, ZX kapena TX zimamatidwa ndi aliyense. Chimene sichinama ndi zilembo za modelo zolembedwa pa kachitsulo ka fakitale. Pa Land Cruiser 200, imene inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021, VDJ200 ndi ya dizilo ya malita 4.5, UZJ200 ndi ya petulo ya 4.7, URJ202 ndi ya petulo ya 4.6. Lexus LX570 ndi ya petulo ya 5.7, ndipo Patrol ija ya Y62 ndi ya petulo ya 5.6. Pa Prado 150, TRJ ndi petulo ya 2.7, GRJ ndi petulo ya 4.0, KDJ ndi dizilo ya 3.0, GDJ ndi dizilo ya 2.8. Land Cruiser 300, yomwe inatuluka mu 2021, ilibenso V8, zonse ndi V6.

Dziwaninso ichi: Land Cruiser 200 zimene zinkagulitsidwa m'dziko la Japan zinali za petulo zokhazokha. Wina akakuuzani kuti VDJ200 yake ndi "ya ku Japan", mufunseni bwino kumene inayenda isanafike kuno. Za dizilo zimachokera ku UK, Australia, South Africa kapena kwa ogulitsa zatsopano a m'chigawo chino.

Maganizo anga ndi awa. Dizilo imasunga mafuta ndipo imakoka bwino, koma mainjekitala ake sapirira mafuta akuda. Mafuta akasowa, tonse timadziwa kumene timathamangira: kwa anyamata a zigubu a m'mbali mwa msewu. Ngati mukudziwa kuti mudzamwetsa galimoto mafuta a m'zigubu, ya petulo imakhululukako. Za ku Ulaya zokhala ndi DPF, sefa ya utsi ija, kapena zofuna AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi, zimavuta ngati maulendo anu ndi afupiafupi a pa Kamuzu Road ndi kunyumba, chifukwa sefayo imafuna ulendo wautali kuti izitsuka yokha. Range Rover ndi Discovery n'zokoma kukwera kuposa zonsezi, sindikana. Koma zimayenda pa mabaluni a mpweya m'malo mwa masipuling'i, ndipo baluni ikaphulika muli ku Nkhotakota, sipeya yake simuipeza pa sitolo ya pafupi. Gulani ngati muli ndi galimoto ina yoyendera podikira.

4. Mugula kuti?

Njira ndi zitatu. Yatsopano kwa ogulitsa ovomerezeka ndi yodula koposa, koma mavuto ambiri a m'munsimu sakukhudzani. Funsani za waranti, nthawi yodikira, ndiponso ngati mtengo umene akuuzani usintha kwacha ikagwa galimoto isanafike.

Yachiwiri ndi kuitanitsa kunja. Mtengo wa FOB ndi wa galimoto yokha ili pa doko la kwawo, wa CIF ndi wofikitsa pa doko la Dar es Salaam pamodzi ndi inshuwalansi ya panyanja. Kuchoka apo pali ndalama za padoko, za ejenti, za dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, kenako msonkho. Galimoto zimenezi ndi zija timati za IT chifukwa cha nambala yongodutsira imene zimavala ku Tanzania. Musanatumize dola ndi imodzi yomwe, pitani ku MRA ndi chaka cha galimoto, kukula kwa injini ndi nambala ya chasisi, akuwerengereni. Msonkho umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimoto, ndipo a MRA ali ndi mawerengedwe awo a mtengo, sangotengera lisiti lanu. Pa injini ya malita anayi kapena asanu, msonkho ukhoza kufanana ndi mtengo wogulira, mwinanso kuuposa. Ndalama ya msonkho ilipidwe kubanki mu akaunti ya MRA, lisiti likhale m'manja mwanu. Musaipereke m'manja mwa ejenti kuti "akakonza".

Ya ku Japan ifunseni auction sheet, pepala la pamsika limene limapereka giredi: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa export certificate, chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan, pamalembedwa makilomita amene inali nawo popimidwa maulendo awiri omaliza, choncho wobweza mita kumbuyo amagwidwa pamenepo. Ya ku UK mbiri yake ya MOT, kupimidwa kwa chaka ndi chaka kwa kumeneko, imaoneka pa intaneti mwaulere mukalemba nambala yake yakale, koma muiyang'anitsitse kunsi, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira ndipo dzimbiri limadya chasisi. Za ku Dubai zambiri chiwongolero chili kumanzere. Pa M5 yopapatiza ija, kupitirira thiraki ya nzimbe uli kumanzere ndi kuika moyo pachiswe, ndipo zosamutsidwa chiwongolero ine sindizikhulupirira.

Yachitatu ndi kugula kwa munthu kapena pa malo ogulitsira galimoto ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ubwino wake mumaiona ndi maso. Kuipa kwake ndi kumene kukubweraku.

5. Tsimikizani kuti galimotoyo ndi imeneyodi, ndipo wogulitsayo ali ndi mphamvu yoigulitsa

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo ndi pomwe wogulitsa amayamba kuyang'ana wotchi. Injini yofa imakonzeka ndi ndalama. Galimoto yolandidwa ndi apolisi kapena a MRA imapita pamodzi ndi ndalama zanu zonse.

Yambani ndi nambala ya chasisi. Pa Land Cruiser ndi Prado inadindidwa pa chitsulo cha felemu, chakutsogolo kumanja, pafupi ndi tayala. Pindani chiwongolero, gwadani, pukutani matope, walitsani tochi. Musatume mnyamata, gwadani nokha ngakhale mwavala suti. Nambalayo ifanane chilembo ndi chilembo ndi ya pa kachitsulo ka fakitale, ya pa blue book, ya pa COF ndi ya pa zikalata za MRA. Yang'anani ngati pamalopo papalidwa ndi gilayinda, pawotcheredwa, kapena papakidwa penti yatsopano pomwe felemu yonse ili yakale. Zilembo za fakitale zimakhala zofanana kukula ndi kuya, pa mzere umodzi. Chimodzi chikapendama, nyamukani muzipita, musafunsenso mtengo.

Kenako chaka chake. Land Cruiser 200 inasinthidwa nkhope mu 2012 ndi mu 2015, ndipo masiku ano kuli akatswiri ovula galimoto ya 2008 mabampa, magetsi, boneti ngakhale dashibodi, n'kuiveka za 2016. Imakhala ngati nkhalamba yovala suti ya mdzukulu wake: ukaionera patali ndi mnyamata, koma mawondo ndi omwe aja. Kusintha nkhope si mlandu ngati akuuzani ndipo mtengo ndi wa 2008. Kuti mudziwe, kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kwake m'munsi, pali kansalu kolembedwa chaka chimene anapangidwa. Onani malamba onse, osati a kutsogolo okha. Yerekezani ndi zilembo za modelo zija: UZJ200 singakhale ya 2018 ya ku Japan, chifukwa kumeneko injini imeneyo anaisiya mu 2009.

Tsopano blue book, chikalata cha umwini chochokera ku Road Traffic. Dzina limene lili pamenepo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene waima patsogolo panuyo. Mukamva kuti "ndi ya achimwene anga ali ku Joni" kapena "ndinagula koma sindinasinthe dzina", dziwani kuti amene mukukambirana nayeyo sangakusainireni kanthu. Onaninso mzere wa title holder. Mwini ndi amene amaigwiritsa ntchito, koma title holder ndi amene ali ndi mphamvu yeniyeni pa galimotoyo, ndipo ikakhala ya ngongole pamenepo pamakhala dzina la banki. Popanda kalata ya banki yonena kuti ngongole inatha, mukugula ngongole ya mnzanu. Ku ofesi ya Registrar General kulinso kaundula wa katundu amene anaikidwa chikole, loya akhoza kukufufuzirani. A katapila okha ndiwo salemba paliponse, amangosunga blue book yeniyeni m'kabati. N'chifukwa chake fotokope musaivomere, ngakhale akulumbirireni kuti yeniyeniyo "ili kunyumba".

Msonkho ndi dzenje lina, ndipo pa galimoto za mtundu uwu ndi lakuya. Zambiri mwa izo zinalowa m'dziko muno osalipira msonkho mwalamulo ndithu: za aphungu, za akazembe, za mabungwe, za anthu obwerera kumudzi atakhalitsa kunja. Mwayi umenewo ndi wa munthuyo kapena bungwelo, susamukira kwa inu. Ikagulitsidwa a MRA asanavomereze, msonkho umene unatsalawo umatsata galimoto, ndipo amene amapezeka nayo ndi inu. Funsani CCC, chikalata cha MRA chosonyeza kuti galimoto inakiliyidwa, pamodzi ndi malisiti ake. Mukazitenga musangoziwerenga, pitani nazo ku ofesi ya MRA akatsimikize mu kompyuta kuti nambala ya chasisi imeneyo inalipira zingati, ndiponso kuti inalembedwa ngati galimoto yanji. Zimachitika kuti V8 inakiliyidwa ngati galimoto ya injini yaing'ono kapena ya chaka china. Ngati ili ndi nambala ya dziko lina ndipo inalowa ndi chilolezo cha mlendo chongoyendera, imeneyo sinakiliyidwe n'komwe.

Kenako apolisi. Galimoto zamtunduwu zimabedwa kwambiri ku South Africa n'kuwolotsedwa malire. Yochokera kumeneko ikhale ndi chikalata cha SARPCCO, chimene apolisi a m'maiko a kuno kumwera amapereka potsimikiza kuti si yobedwa. Ngakhale chilipo, pitani nayo galimotoyo kwa a Interpol ku likulu la apolisi ku Area 30 ku Lilongwe akaipime. Wogulitsa wachilungamo sakana ulendo umenewu. Wokana, kapena wonena kuti "pali bwana wina akubwera ndi ndalama masana ano", wakuyankhani kale.

Chomaliza pa mutuwu n'chovuta kuchifunsa, koma funsani. Ngati mwini wake anamwalira, galimotoyo ndi chuma cha masiye. Mwana wamkulu kapena malume sangaigulitse chifukwa choti makiyi ali m'thumba mwake. Pakhale zikalata za khoti zosonyeza amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho. Pepesani maliro mwaulemu, koma zikalatazo muzione.

6. Bwerani ndi makaniko wanu, m'mamawa

Wanu, osati wa wogulitsa, ndipo akhale wodziwa galimoto zazikulu komanso wokhala ndi kompyuta yopimira. Muuzeni wogulitsa kuti asailize musanafike. Gwirani boneti: ikakhala yofunda, anaitenthetseratu kuti ibise kuvuta kulira ndi utsi wa m'mawa.

Mukatembenuza kiyi injini isanalire, magetsi onse a pa dashibodi ayake, a injini, a ABS ndi a airbag, kenako azime injini ikalira. Limene silikuyaka n'komwe ndiye kuti analichotsa kapena kulimata. Tsegulani chotsekera oyilo muone ngati muli phala lakuda. Pa dizilo, chisiyeni chili chomasula injini ikulira: chikamavina ndi kutulutsa utsi wambiri, injiniyo yatopa. Tsegulani bokosi la sefa ya mpweya, pisani chala ku paipi yopita ku injini. Mukapeza fumbi, fumbilo lakhala likulowa m'kati. Pa V8 ya dizilo, alitaneta ili m'munsi kwambiri, ndipo matope ndi madzi zimaipha msanga, choncho apime ngati ikutchaja bwino. Pa V8 za petulo za 4.6 ndi 5.7, aunike pakati pa injini ndi kumbuyo kwake ngati pali zouma zofiirira za madzi a radiyeta.

Ikwezeni kapena ilowetseni pa dzenje. Kuno kunyanja anthu amabwerera m'mbuyo ndi galimoto mpaka m'madzi potsitsa boti, ena amawoloka nazo mitsinje yosefukira. Masulani pang'ono pothirira oyilo wa madifu: akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, munalowa madzi. M'kati, kwezani kapeti, yang'anani mchenga ndi dzimbiri pa njanji za mipando, nunkhizani. Galimoto yomira imavuta mawaya moyo wake wonse.

Lexus LX ndi Land Cruiser zina zili ndi AHC, makina okweza ndi kutsitsa galimoto pogwiritsa ntchito oyilo. Dinani batani, ikwere ndi kutsika mosazengereza komanso mofanana mbali zonse. Za KDSS, makina ochepetsa kupendekeka pokhota, zikaima pamalo osalala zisapendekere mbali imodzi. Ya mabaluni, ngati n'kotheka igone usiku pamalo amene mukudziwa, m'mawa muone ngati yagwada. Eyakoni iyesedwe masana dzuwa lili pamutu, ya kumbuyo yomwe. Amene anakhalapo ku Salima mu Okutobala sangafunse chifukwa chake.

7. Iyendetseni pamene ingatuluke thukuta

Kuzungulira pa Kamuzu Road sikukuuzani kanthu. Thirani mafuta anu, dutsani pa Kaphatenga, mukwere zitunda za M14 kulowera ku Mvera eyakoni ili yoyatsa. Muvi wa kutentha usasunthe, magiya asinthe mosagunda ndi mosaterereka. Potsika pondani mabuleki mumve ngati chiwongolero chikunjenjemera. Mukatero patukirani pa msewu wafumbi, imani, lowetsani giya ya mphamvu ija ya L4 ndi loko ya difu ya pakati. Zilowe ndi kutuluka, getsi lake lisamangophethira. Galimoto za m'tauni zimatha zaka osalowetsedwa L4, ndipo kamota kake kamauma. Lokoyo musayesere pa tara.

8. Lipirani kudzera kubanki, ndipo musamalize dzina lisanasinthe

Lembani mgwirizano wokhala ndi maina, manambala a ziphaso, nambala ya chasisi ndi ya injini, makilomita, mtengo, ndi mboni za mbali zonse. Pa ndalama zochuluka chonchi, kulipira loya si kuwononga. Musanyamule chikwama cha ndalama kupita nacho kumalo amene wogulitsa wasankha. Perekani gawo, lotsalalo mudzamalize pa tsiku losintha umwini.

Tsikulo mupite nonse awiri ku Road Traffic ku Lilongwe, aliyense ndi khadi lake la traffic register, chifukwa makina a MalTIS amafuna zala za wogulitsa ndi wogula. Pageti mudzakumana ndi madobadoba, anyamata olonjeza kukufulumizitsirani zonse. Ena amangokuimirirani pa mzere, koma amene akuti akhoza kusintha dzina mwini wake palibe akukukonzerani chikalata chimene chidzakugwetseni m'mavuto pa rodibuloko. Landirani makiyi onse awiri. Kiyi wa galimoto izi ndi wodula, komanso simukufuna kuti wina atsale ndi wachiwiri.

9. Sabata yoyamba

Isanagone pakhomo panu ikhale ndi inshuwalansi ya comprehensive, yolipira ngakhale galimoto yanu yomwe, osati ya third party yongokwaniritsa lamulo. Werengani ngati ikuteteza pa madzi osefukira ndiponso mukatuluka nayo kunja kwa dziko. Ikitsani tracker.

Za "ndangoipanga sevisi" zisiyeni zidutse. Sinthani oyilo wa injini, wa madifu ndi wa transfer, masefa onse, ndipo madzi a radiyeta akhale ofiira aja a fakitale, osati a pa mjigo. Injini za 4.7 ya petulo, 4.2 ya dizilo ya mu 100, ndi 3.0 ya dizilo ya mu Prado zimayendera timing belt. Ngati palibe lisiti losonyeza tsiku ndi makilomita pamene anasintha lambayo, sinthani, pamodzi ndi ma tensioner ake. Tsitsani tayala lapadera lili kunsiko muone ngati tcheni chake chikumasuka komanso ngati jeke ndi sipanala zilipo. Ngati ndi ya dizilo, gulani sefa ya mafuta yachiwiri muziyenda nayo m'galimoto, ndipo makaniko akuonetseni pokhetsera madzi a mu sefayo, kuti getsi lake likadzayaka muli pakati pa Khombedza ndi Benga mudzathe kukhetsa nokha.